Nsalu ya Ukwati wa Eni Ake

Lachitatu, dzuwa la Okutobala likuwotcha msika wa Mangochi,
ndinali pakhonde panga, phazi pa makina,
ndikusoka diresi la ukwati wa mwana wa Che Mdoka.
Lata linatsetsereka padenga la golosale yatsopano
ngati mpeni wothawa mwini wake,
ndipo Twaibu, mnyamata wokhoma misomali,
anangokhala pansi phee.
Sanalire. Ankayang'ana mwendo wake
ngati ndi wa munthu wina.

Magazi amalankhula pawiri,
anandiuza Asiyatu wa kuchipatala tsiku lina
akudikira kuti ndimuchepetsere yunifolomu.
Ena ndi oderako, amayenda chokwawa ngati oyilo wa galimoto.
Ena ndi ofiira psu, amadumpha,
amatsata kugunda kwa mtima.
Amenewo sadikira kuti mutsutsane mtengo ndi wakabaza.

A Twaibu anali odumpha.

Anthu anatizinga.
Wina anati thirani dothi, wina anati shuga.
Mayi wogulitsa usipa analumbira
kuti fodya wa mphuno amaumitsa bala.
Kamnyamata kena kanakweza foni kuti kajambule.
Ine ndinavala majumbo m'manja monse,
ndinang'amba nsalu ya eni ake, yoyera mbee,
yogulidwa ndi ndalama ya chaka chathunthu,
ndinaipinda, ndinagwada m'fumbi,
ndi kutsamiza thupi langa lonse pa ntchafu yakeyo.

Dinikiza, anatero Asiyatu. Usasuzumire.
Bala si mazira a nkhuku oti uziona ngati aswa.
Nsalu ikanyowa usaichotse, sanjika ina pamwamba.
Ndinasanjika. Inafiira.
Ndinasanjikanso.
Mikono yanga inayamba kunjenjemera,
koma magazi ankatulukabe pakati pa zala zanga
ngati sakundidziwa.

Pamenepo ndinaitana Amidu wokonza njinga:
tenga lamba wa diresiyo, wotambalalayo,
zunguliza pamwamba pa bala, kufupi ndi thupi,
osati pabondo.
Lowetsa mpini wa hamala, upotokole.
Twaibu anakuwa kwa nthawi yoyamba.
Potokolabe, ndinatero, ngakhale atukwane amayi ako.
Kudumpha kuja kunachepa,
kunachepa,
kunaleka.
Ndinatenga choko changa cholembera miyezo
ndi kulemba nthawi pa thalauza lake:
kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane thwelofu.

Koma pali magazi ena osaoneka,
amene munthu amawadziwa pankhope.
Milomo yake inatuwa ngati phulusa.
Zikhatho zinazizira, thukuta lili chipichipi,
mpweya ukubwera mothamanga ngati wa mwana wa mbuzi.
Madzi, amayi, ndipatseni madzi.
Ndinamukaniza, ine wosakaniza mlendo madzi chibadwire.
Ndinamugoneka, ndinamufunditsa chitenje changa,
ndi kumufunsa zopanda pake kuti asagone:
kwanu n'kuti? Ku Namwera.
Amayi ako ndani? Abiti Wisiki.
Ali ndi mbuzi zingati?
Anawerenga mpaka zinayi.

Azana ya masana inatipeza kumbuyo kwa lole ya simenti,
ine ndikadali chogwada, manja pamalo pomwepo.
Pachipata cha chipatala Asiyatu anawerenga choko chija,
anandiyang'ana kamodzi, osanena kanthu,
ndipo anati kwa anzake: thamangani naye.
Ndi pamene ndinachotsa manja.
Zala zinakana kutambasuka.

Madzulo Che Mdoka anabwera kudzaona diresi.
Ndinawaonetsa zotsala.
Anakhala chete nthawi yaitali, akupukusa kofiya m'manja,
kenako anafunsa: mwanayo ali moyo?
Ndinati ali moyo.
Anati, ndiye sokani zomwe zilipozo.

Mkwatibwi anavala diresi lalifupi pang'ono, lopanda lamba.
Azakhali ake anang'ung'udza kuti telala wake ndi wakuba nsalu.
Sindinayankhe.
Ndinkayang'ana kumbuyo, pafupi ndi zokuzira mawu,
pomwe mnyamata wina wotsimphina
ankayesa kuvina ndi mwendo umodzi.